ZA ALONDA OSALIPIDWA A NKHALANGO, NDI ZA CIDINDO CA MFUMU



Pa msonkhano ulinkudzawu tidzakamba mlandu wa malo a mitengo amene atsala m'midzi mwathu ndi m'mphepete mwa mizinda, ndi wa anthu aja amene adzipereka okha kuwalonda popanda malipiro. Tatsogoza mau ano kuti munthu ali yense afike ataganiziratu, pakuti mlanduwu ukhudza ena mwa iwo amene adzakhala pa mipando ya kutsogolo tsiku limenelo, ndipo sikuyenera kuti mfumu imve nkhani yotere modzidzimuka pamaso pa anthu ace.

Alonda amene tinenawa muwadziwa nonse. Ndiwo amai aja olawira mbanda kuca kukathirira mbande ku nazale asanatereke phala la ana. Ndiwo anyamata olambula njira zoletsa moto udzu usanaumitse. Ndizo nkhalamba zoyendera malire ndi ndodo, zimene zidziwa mtengo uli wonse monga munthu adziwa mbuzi za m'khola mwace. Kale adani ao anali nkhwangwa, moto ndi ziweto, ndipo anadziwa macitidwe a kulimbana nazo. Masiku ano wafika wina, wobvala bwino, wotsika m'galimoto, ali ndi cikalata m'manja ndi mau akuti citukuko pakamwa. Iye afuna kumanga nyumba ya alendo pa dambo, kapena pomwetsera mafuta pa bwalo pamene ana aponya mpira, kapena kudula phiri lonse m'mapuloti. Pamaso pa munthu ameneyu mlonda wathu alibe pogwira. Wakuba mitengo usiku athawa akamva mapazi. Mwini cikalata aima pomwepo, natuma mthenga ku polisi kuti adzagwire mlondayo pa mlandu wa kulowa m'malo a eni.

Makolo athu sanalembe lamulo la nkhalango, koma anali nalo. Kumanda sikulowa nkhwangwa kufikira lero, koma pa tsiku la maliro ndi cilolezo ca mfumu. Cifukwa cace munthu woyenda pa mseu wa ku Dedza kapena wa ku Mchinji nthawi ya cilimwe, poona kagulu ka mitengo yobiriwira pakati pa minda yoyera, adziwa osafunsa kuti apo pagona anthu. Dambwe linasunga mitengo yace momwemo. Ku Nsanje nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kacisi wa Mbona, yaima mibadwo yambiri cifukwa ca ulemu umene anthu aucitira malowo. Lamulo limeneli linali ndi mphamvu pa mnansi, amene aopa mizimu yomweyo namwa madzi a citsime comweco. Pa mlendo wogula liribe mano, pakuti iye sadzagona m'manda amenewo, ndipo citsime cikauma adzagula madzi a m'botolo.

Kuti tione bwino cimene anthu wamba akhoza kucita pa mdani wa cikalata, ndi pamene mphamvu yao ilekeza, tiyang'ane ku Kenya, kumene milandu iwiri yotere inalimbanidwa poyera, ndi mbiri yace inalembedwa ndi masiku ace omwe.

Pakati pa mzinda wa Nairobi pali bwalo la udzu ndi mitengo ndi kanyanja, dzina lace Uhuru Park, kumene osauka a mumzindamo anali kupumulako osalipira kanthu. M'caka ca 1989 kunamveka kuti cipani colamula ca KANU cifuna kumangapo nyumba ya nsanjika 60, ya bungwe la nyuzipepala yace ya Kenya Times, pamodzi ndi ciboliboli cacikuru ca Pulezidenti Daniel arap Moi. Amene anakana ndiye Mai Wangari Maathai, amene kale anali mphunzitsi pa Yunivesite ya Nairobi, ndipo m'caka ca 1977 anayambitsa gulu la amai obzala mitengo lochedwa Green Belt Movement. Zida zace zinali makalata. Analembera nyuzipepala, nduna za Boma, akuru a mzinda, ndi anthu a kunja amene mau ao akadamveka kwa eni ndalama zomangira. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anaimika nchito zao namnyoza, nakumba za ukwati wace umene unatha, monga ngati mtengo ufunsa za ukwati wa iye wouthirira. Pulezidenti yemwe ananena pa msonkhano kuti mkazi wa mwambo ayenera kulemekeza amuna ndi kukhala cete. Gulu lace linaturutsidwa m'nyumba ya Boma m'mene linali kugwiramo nchito, iye nasamutsira ofesi kunyumba kwace. Anakasuma ku Bwalo Lalikuru la milandu, koma bwalolo linataya mlandu wace m'Disembala 1989, niliti iye alibe gawo pa nkhaniyi loposa la munthu wina ali yense, ndi kuti woyenera kusumira anthu onse ndiye mlangizi wamkuru wa Boma pa malamulo yekha.

Tamvani mau a bwalowo, Mafumu, pakuti ndiwo mbuna imene malo a anthu onse agweramo: cinthu ca onse ciyesedwa copanda mwini, ndipo wocilankhulira afunsidwa, Kodi n'cako? Koma ngakhale maiyo anagonja m'bwalo, phokoso linafika kwa eni ndalama, iwo nabweza manja m'caka ca 1990. Mpanda umene unazinga malowo unazulidwa m'Febuluwale 1992, ndipo nyumba ija sinamangidwe.

Mlandu waciwiri ndiwo utiphunzitsa koposa. Kumpoto kwa mzinda womwewo kuli nkhalango ya Karura, ya maekala oposa 2,500, imene Boma la Atsamunda linaipatula m'caka ca 1932. Muli mitsinje, mathithi, ndi mapanga amene anthu anena kuti ankhondo a Mau Mau anabisalamo. Pozungulira pace pali nyumba za anthu olemera ndi maofesi a United Nations, kotero kuti ekala imodzi ya pamenepo igulidwa ndalama zoopsa. M'zaka za m'ma 1990 zigawo zazikuru za nkhalangoyi zinagawidwa mseri kwa makampani, pa mapepala okha okha, m'maofesi a za malo, mitengo iri ciimire ndi mbalame zirikulira monga mwa masiku onse. Anthu ambiri sanadziwe kanthu kufikira caka ca 1998, pamene anaona makina alikulambula miseu m'kati mwace. Apa mpofunika kuima pang'ono. Nkhalango ija inali itapita kale pa nthawi imene mlonda ali yense akadalumbira kuti iri bwino, popeza poyendamo sanapeze citsa catsopano.

Amai a Green Belt sanapite ndi zibonga. Anapita ndi mbande ndi zitini za madzi, nabzala pamene omanga anadula, naika nazale m'kati mwa nkhalango momwemo, kuti akhale naco cifukwa ca kubwerako kudzathirira. Sitibisa kuti m'Okotobala 1998 ena mwa otsutsa anatentha makina a omanga. Mcitidwe umenewo ife sitiubvomereza, ndipo sitiyesa kuti ndiwo unapulumutsa Karura. Pa 8 Januwale 1999 Mai Maathai anafika pa cipata ndi mbande, pamodzi ndi aphungu ena ndi olemba nkhani, napeza anyamata olembedwa ganyu ali ndi zikwapu, zibonga ndi zikwanje. Anammenya m'mutu nakha mwazi, ndi ena anabvulala, apolisi osagwira munthu. Koma zithunzi zinajambulidwa, ndi maiko onse anaona. Ophunzira a pa yunivesite anaturuka m'miseu masiku angapo, akuru a mipingo nalowapo, ndipo pa 16 Ogasiti 1999 Pulezidenti Moi analengeza kuti kugawa malo a anthu onse kwaletsedwa. Kumanga m'Karura kunaima. M'caka ca 2004 mai uja analandira mphotho ya mtendere ya Nobel, ndiye mkazi woyamba wa mu Africa kuilandira. Anamwalira m'caka ca 2011.

Ambiri posimba nkhaniyi alekezera pomwepa, pa mwazi ndi pa mphotho. Ife tipitirira, cifukwa zaka zotsatira ndizo zikhudza nchito ya mafumu. Nkhalango inapulumuka kwa omanga, koma inakhala mobisalamo acifwamba. Munthu wabwino sanali kulowamo, ndipo malo amene anthu aopa kupondamo sakhala ndi owalirira tsiku limene wogula adzabweranso. Cimene cinasintha zinthu ndico lamulo la nkhalango la 2005, limene linalola anthu okhala pafupi ndi nkhalango kupanga bungwe lolembedwa m'kaundula, ndi kupangana ndi Boma za kasungidwe kace. M'caka ca 2009 linabadwa bungwe la Friends of Karura Forest. Linasonkhetsa ndalama, nilizinga nkhalango ndi mpanda wa magetsi, nililemba nchito ya ulonda anthu a ku Huruma, mudzi wa osauka umene uli pa malire. Linatsegula njira zoyendamo akuru ndi ana a sukulu, niliyamba kucotsa pang'ono pang'ono mitengo yacilendo ndi kubzalapo ya m'dzikomo. Ndipo malamulo oyendetsera dziko la Kenya a 2010 anakwirira mbuna ija ya 1989, pakunena kuti wosuma mlandu wa cilengedwe safunika kuonetsa kuti munthu wina wapwetekedwa kapena wataya kanthu. Ngakhale zinatero, m'caka ca 2025 panabukanso mkangano pakati pa bungwelo ndi nthambi ya Boma ya nkhalango pa za ndalama za pacipata. Musayese kuti iwo anafika popumula.

Cimene ife tiwerenga m'mbiri iyi ndi ici. Kulimba mtima kwa odzipereka kukhoza kuimika wogula miyezi kapena zaka zowerengeka, ndipo popanda iko sipakadatsala kanthu kosunga. Koma cimene cifikitsa malo kwa adzukulu ndico malire olembedwa, komiti yodziwika ndi lamulo, ndi phindu limene oyandikana nao aliona ndi maso. Kuno kwathu, kumene malo ambiri ali a makolo, zinthu zimenezi ziyambira pa khonde la mfumu. Ndipo sikoyenera kuti amai athu ayambe akhetsa mwazi pa cipata cifukwa ca cikalata cimene mfumu ikadadinda mwa mtendere.

Tibwere kwathu tsono. Akuru amene anakhala m'Blantyre zaka za m'ma 1980 akumbukira phiri la Ndirande liri bii ndi mitengo ya paini. M'zaka za m'ma 1990, pa nyengo ya kusintha kwa ndale, linametedwa m'kanthawi kocepa, pakuti anthu anaiyesa nkhalango ya Boma, ndi Boma lija linali kupita. Panalibe mudzi umene unaimirira kunena kuti, N'njathu. M'phiri limenelo ndimo muturuka mtsinje wa Mudi umene udzaza damu la mzinda, ndipo dothi la m'minda ya m'phiri latsikira m'damumo caka ndi caka, pamene madzi ambiri a Blantyre akokedwa ndi magetsi kucokera ku Shire, pa Walker's Ferry, kukwera citunda cacitali ndi ndalama zambiri. Madzinja ambiri magulu akwera Ndirande ndi mbande, akuru najambulitsa zithunzi atagwira khasu. Koma pofika Okotobala moto ndi makasu a olima zamariza zambiri za mbandezo, popeza wobzala anatsika tsiku lomwelo ndipo wolonda sanasiyidwe.

Za phiri la Soche tinena ndi cisoni. Ilonso ndi nkhalango yopatulidwa ndi Boma, koma nyumba zinakwera m'mbali mwace mzere ndi mzere kufikira pansi pa matanthwe. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, phiri linagumuka, matope ndi miyala zinatsikira pa Chilobwe ndi kukwirira nyumba anthu ali m'katimo. Tisanamize munthu kuti mitengo ikadaletsa zonse. Napolo anaturuka pa Zomba m'caka ca 1946 phiri liri ndi mitengo yace, naturukanso ku Phalombe m'caka ca 1991. Mvula yotere igumula ndi phiri lobvala lomwe. Koma malire a nkhalango akadasungidwa, miyala ija ikadapeza mitengo m'njira yace m'malo mwa ana a anthu. Ndipo zambiri za nyumba zimenezo zinali naye munthu amene analoza ndi cala nati, Mangani apa, nalandira kanthu.

Mafumu athu, wakutsina khutu ndi mnansi. Kumveka m'maboma ambiri kuti malo a dambo, a m'mbali mwa mtsinje, ngakhale a m'mphepete mwa manda, agulitsidwa ndi cidindo ca mfumu, kawiri kawiri madzulo kapena ku tauni, nduna ndi eni mbumba osadziwa. Sitichula dzina la munthu, ndipo tidziwa kuti ambiri a inu mwakana ndalama zimene zikadakumangirani nyumba ya malata. Tidziwanso kuti mswahara wa mfumu ngwocepa, ndi kuti wogula safika ndi nkhope ya mdani: afika ndi ulemu, agwada, atula mphatso, nalonjeza mjigo ndi nchito za anyamata. Koma ndalama ya puloti itha mwezi umodzi, wogula apita kwao, ndipo mfumu itsala m'mudzi momwemo pamodzi ndi amai amene tsopano ayenda theka la tsiku kukafuna nkhuni. Iwo sanena pa bwalo, koma adziwa amene anadinda, ndi ana ao adzadziwanso.

Ena adzati pa msonkhano, ndipo adzanena zoona, Nanga anthu agone kuti? Pa kalembera wa 1966 tinali anthu 4 miliyoni. Pa wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni ndi theka, ndipo mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu 800,000. Dziko silinakule. Wosauka amene anamanga m'phiri la Soche sanakwereko cifukwa ca kukonda mphepo; puloti ya kucigwa ndiyo inamkanika mtengo. Sukulu, cipatala ndi mseu nazonso zifuna malo, ndipo palibe wa nzeru adana nazo. Koma tapenyetsetsani amene apempha dambo ndi bwalo la mpira. Kawiri kawiri ndi munthu amene ali nazo kale nyumba zina, amene waona kuti malo a onse ndiwo otsika mtengo, cifukwa wofunika kumkondweretsa ndi mmodzi yekha. Za osauka yankho lace ndi kuti makhonsolo apime mapuloti pa malo abwino, a mtengo umene iwo akhoza; kumpatsa munthu malo pa njira ya Napolo sikumcitira cifundo. Ndipo pa za sukulu ndi cipatala, mudzi wonse ukhale pansi dzuwa liri pamutu, nusankhe malo. Womanga sukulu sakana kukhala pa bwalo. Amene apempha kuti mukambire m'nyumba citseko cotseka, ameneyo mumcenjerere.

Cida ca kuchinjiriza naco malowa ciripo kale, ndipo n'cakale kuposa ife tonse. M'caka ca 1926 Boma la Nyasaland linayamba dongosolo la nkhalango za m'midzi, limene Bwana J. B. Clements wa nthambi ya nkhalango analilimbikira: nyakwawa inali kupatula cigawo ca chire, cigawoco nicilembedwa, ndipo munthu sanali kudulamo popanda mau ace. Midzi yambiri inatero. Pambuyo pace dongosololi linafooka, ulamuliro wa mitengo utacoka kwa mafumu kupita ku makhonsolo ndi ku Boma. Lamulo la nkhalango la 1997 linaubweza: linati nyakwawa, pomva uphungu wa mkuru wa za nkhalango, ikhoza kupatula nkhalango ya mudzi pa malo a makolo amene sanagawidwe kwa munthu, ndi kuti mudzi usankhe komiti yoyang'anira zacilengedwe, imene ikhoza kucita ndi Boma pangano lolembedwa la kasungidwe kace. Lamulo la malo a makolo la 2016 linaikanso komiti ya malo, gulupu ali wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo akazi asacepere 3. Mafumu ena analandira lamulo limeneli ndi nkhope zakugwa, poyesa kuti liwalanda ufumu. Ife tiliona mwina. Mfumu yokhala yokha ndi wogula ibvutika kukana, makamaka wogulayo akakhala wa cipani kapena mbale wa munthu wamkuru. Koma mfumu yokhoza kunena kuti, Pepani, sindingathe ndekha, pali komiti ndi buku, imeneyo yapeza pothawira, ndi ulemu wace utsala wosadetsedwa.

Cimene tipempha tsono n'cacing'ono, ndipo sicifuna ndalama za kunja. Malo ali onse amene alonda athu asunga, mfumu iyendere malire ace ndi mapazi, masana, pamodzi ndi nduna, amai a komiti, mafumu ocita nayo malire ndi mlangizi wa za nkhalango. Pa ngondya pabzalidwe khonje kapena nkhadze, kapena paikidwe mwala wa simenti. Mapu ajambulidwe, pakuti masiku ano ngakhale foni ya m'manja ikhoza kulemba pamene munthu waima. Ndipo cikalata cikhale patatu, kwa mfumu, kwa komiti, ndi ku ofesi ya Bwana D.C. Cikalata cosungidwa m'nyumba imodzi cisowa pa tsiku la maliro, ndipo nonse mudziwa milandu ingati ibuka pamene wolowa ufumu anena kuti iye za malume ace sazidziwa.

Komiti isankhenso munthu mmodzi wodziwa kuwerenga, amene nchito yace ikhale ya kufunsa ku khonsolo ndi ku ofesi ya za malo, kawiri pa caka, ngati pali wina wapempha lizi pa malowo. Nchito imeneyi ioneka yopanda ulemu poyerekeza ndi kuzima moto, koma taona ku Karura kumene nkhalango inabedwera. Anthu a ku Lilongwe anadandaula kwambiri m'caka ca 2021, pamene mitengo ya m'mbali mwa mseu wa Kenyatta inagwetsedwa pokuza mseuwo, koma madandaulo ambiri anamveka mitengo iri pansi. Lamulo la cilengedwe la 2017 linalamula kuti nchito yaikuru isanayambe, payambe pafufuzidwa cimene idzaononga. Wofika ndi thirakitala m'dera lanu mumfunse mwaulemu cikalata ca kufufuzako, ndi kuti anthu a pamalopo anafunsidwa liti.

Kwa inu odzipereka tiri naonso mau, pakuti si mafumu okha ali naco cokonza. Alipo makomiti amene abadwa tsiku limene bungwe la kunja lafika ndi alawansi ndi malaya olembedwa, nafa tsiku limene galimoto ya bungwelo yaleka kubwera. Alipo ena amene, atapatsidwa mphamvu, asanduka timafumu: alanda nkhuni zouma kwa mkazi wamasiye, namenya mnyamata wogwidwa ndi thumba limodzi la makala, pamene mwini lole wogula makalawo adutsa pa mseu osaimitsidwa. Nkhalango imene mnansi sapezamo kanthu, mnansiyo adzaitentha, kapena adzakhala cete tsiku lobwera wogula. Lolani anthu atole nkhuni zakugwa pa masiku oikika, azule bowa, atole masuku, amwete udzu wofolera. Asing'anga akumbe mizu mosapha mtengo. Ndipo pacikani ming'oma ya njuci, pakuti mwini mng'oma sadikira kuitanidwa akaona utsi, ndi uci uli nao msika. Ndalama iri yonse ya cindapusa kapena ya uci ilembedwe m'buku ndi kuwerengedwa pa bwalo, cifukwa komiti imene yalimbana ndi moto zaka khumi ikhoza kupasuka sabata imodzi ndi kandalama kosadziwika kumene kanalowa.

Musatayenso mphamvu zanu zonse pa mbande za m'macubu. Chire lathu la mombo, mtondo ndi msuku liphukira lokha ku zitsa ndi ku mizu, moto waukali wa mwezi wa Okotobala ndi mbuzi zikaletsedwa zaka zowerengeka. Mphukira yotere iri nayo kale mizu yakuya, siifuna kuthirira, ndipo ciswe siciibvuta monga cibvuta mbande yacilendo. Bulugama ali nayo nchito yace ya mapaso ndi nkhuni, abzalidwe kumtunda. Koma pa kasupe ndi m'mbali mwa mtsinje bzalani mkuyu, mbawa ndi katope.

Patsala mlandu umodzi umene sitiudula m'kalata muno, wa malo amene anagulitsidwa kale, nyumba zitamangidwa ndi ana atabadwiramo. Ena afuna kuti nyumbazo zigumulidwe. Ena ati malire atsopano ayambire pamene nyumba yomariza yaima, ndipo asapitirirepo ndi phazi limodzi. Ife tipendekera ku maganizo aciwiriwa, kupatula nyumba zimene ziri pa njira ya madzi, zimene eni ace ayenera kupatsidwa malo ena mvula isanagwe. Koma pa ici tifuna kumva mafumu a kumapiri, amene adziwa kulemera kwa kusamutsa munthu pa malo pamene anakwirira mcombo wa mwana wace.

Mafumu amene ali nazo nkhalango zolembedwa kale abwere ndi zikalata zao, ngakhale zodyedwa ndi ciswe, kuti anzao aone maonekedwe ace. Gulupu ali yense abwere atawerenga malo a onse amene ali m'dera lace, madambo, akasupe, manda ndi mabwalo a ana, ndi kudziwa ndi angati mwa iwo ali ndi malire oikidwa cizindikiro. Amai a makomiti adzapatsidwa mpata wolankhula poyamba, akuru asanayankhe.